Foni ikapanda kugwira, ambulansi sinyamuka

Pa Nathenje galimoto sizipuma. Msewu wa M1 unang'amba pakati malo a malondawa, ndipo mathiraki ochokera ku chipata cha Dedza, mabasi a ku Blantyre, akabaza ndi amayi osenza tomato onse amalimbirana phula lomwelo. Ngozi ikachitika, woyamba kufika sakhala dokotala kapena wapolisi. Amakhala wootcha chimanga kapena mnyamata woitanira minibasi, ndipo chida chomwe ali nacho ndi foni ya m'thumba basi.

M'chaka cha 2019 Unduna wa Zaumoyo, ndi thandizo la ndalama la World Bank, unayamba kuyesa ntchito ya chithandizo chadzidzidzi pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Kunabwera maambulansi, anthu okhala m'mbali mwa msewu anaphunzitsidwa chithandizo choyamba, ndipo kunakhazikitsidwa nambala yaulere ya 118. Ganizo lake ndi labwino. Koma woona ngozi ayenera kupeza wolandira mafoni, wolandirayo apeze dalaivala, dalaivalayo achenjeze a ku Kamuzu Central kuti akubwera ndi ovulala angati. Mafoni onsewa amadalira nsanja za TNM ndi Airtel, zomwezo zimene wina akuonerapo mpira, wina akutumizirapo ndalama. Mzere ukadzaza, onse amadikira mofanana.

Ku Mitundu nkhani ndi ina. Kumeneku munthu amachita kupatuka pa M1, kutsata msewu wa ku Bunda, ndipo kuseri kwa msika kuli midzi yotambalala mpaka kuyandikira nkhalango ya Dzalanyama. Chodzidzimutsa chofala kuno ndi mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku, mwana wokomoka ndi malungo, kapena bambo wolumidwa ndi njoka kudimba. Chipatala cha Mitundu chimalandira odwala ochokera m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo zikakula chimawatumiza ku Bwaila kapena ku Central. Kawirikawiri amene amalumikiza ulendo wonsewu ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, pa foni yake, ndi mayunitsi ake. Akatha, amangofulasha n'kumayembekeza kuti winayo amuimbira.

Ena amafunsa kuti intaneti yachangu ikudzatani pa nkhani ya ambulansi, poti kuyankhulana kokha n'kokwanira. Amene amafunsa chotere sanalondolerepo dalaivala usiku kumudzi. Nyumba zathu zilibe manambala, njira zilibe mayina. Malangizo amakhala akuti mukapitirira chigayo mukhotere kumanja, mukaona mtengo wa kachere mufunse, koma pakati pa usiku palibe womufunsa. Chizindikiro cha malo chotumizidwa pa WhatsApp chimathetsa zonsezi nthawi yomweyo. Mzamba amene wajambula pepala lolondolera mayi pobereka n'kulitumiza kwa dokotala m'tauni amalandira uphungu ambulansi isanafike. Izi zimafuna netiweki yonyamula zithunzi, osati ija yomwe munthu amachita kukwera pachulu kuti aipeze. TNM inabweretsa 4G mu 2016, Airtel mu 2018, koma kugwira bwino pa msika sikutanthauza kuti ikugwiranso kumidzi ya kutsidya kwa dambo.

Palinso magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunapitirira chaka chathunthu. Nsanja ikasowa magetsi a ESCOM imadalira mabatire ndi jenereta. Jenereta imafuna dizilo, amenenso wakhala akusowa, ndipo akuba amadziwa bwino kumene dizilo ndi mabatirewo amakhala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasonyeza kuchigawo cha kummwera kuti tsiku limene anthu akufuna foni koposa ndi lomwenso mapolo amagwa ndipo misewu yopititsira mafuta ku nsanja imaduka.

Maiko olemera nawonso anaphunzira movutika. Pa 11 Sepitembala 2001 ku New York, apolisi ndi ozimitsa moto analephera kumvana bwino pa mawailesi awo. Zotsatira zake, mu 2012 dziko la America linakhazikitsa FirstNet, ndipo mu 2017 linapatsa kampani ya AT&T ntchito yomanga netiweki yomwe imaika opulumutsa anthu patsogolo. Ku Britain ntchito yofanana nayo yachedwa zaka zambiri ndipo yadya ndalama zoopsa. Malawi sangamange netiweki yapadera yotere, ndipo sindikuona chifukwa choti ayesere. Chomwe tingatengereko ndi mfundo yake: foni ya dalaivala wa ambulansi, ya namwino wa usiku ndi ya wapolisi wa pa Nathenje izidutsa poyamba mzere ukadzaza, ndipo isamadalire bandulo ya mwini wake.

Njira yochitira zimenezi ilipo kale. Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chinaonetsa kuti boma ndi kampani ya mafoni atha kugwirizana kuti woimba asalipire. Lamulo la zamtokoma la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lothandizira kufikitsa netiweki kumadera kumene makampani saonako phindu. Bungwe la MACRA, lomwe limapereka ziphaso kwa makampaniwa, litha kulamula kuti nsanja zoyandikana ndi zipatala zikhale ndi sola ndi mabatire okwanira usiku wonse. Lithanso kuphatikiza manambala: 997, 998, 999, 118 ndi 116 ndi ochuluka kwa munthu amene manja akunjenjemera. Ndipo m'malipoti ake a momwe makampani akugwirira ntchito, lizitiuza kuti nsanja za ku Mitundu zinazima maola angati m'nyengo ya dzinja, ndi kuti mafoni angati opita ku 118 sanafike.