Injini Yatsopano, Giyabokosi Yakale

Munthu akazula injini yotopa m'galimoto yake, naikamo ina yamphamvu yochokera m'galimoto inzake, chimwemwe chake sichikhalitsa, pakuti pamene aponda klatchi kuti alowetse giya amva mano akukukutana, kapena aona injini ikungolira koma matayala osalandira mphamvu yake. Ndipo pamenepo ambiri athamangira kumanga nati ya waya wa klatchi, osayamba afunsa gwero la nthendayo.

Tiyeni titenge Volkswagen Beetle, imene inapangidwanso ku Uitenhage, m'dziko la South Africa, kuyambira 1951 kufikira 1979. Klatchi yake imakokedwa ndi waya wochokera kuchopondera, wodzera mumpope pansi pa galimoto, kufikira kukamtengo kachitsulo ka pagiyabokosi, kumene kuli nati yamapiko. Mukakankha chopondera ndi dzanja, chiyenera kuyamba chayenda chopepuka mamilimita 10 mpaka 20 chisanalimbe. Mpatawu ukachepa, beringi yokankha klatchi imapota kosapuma niperepeseka, klatchi niterereka; ukachuluka, klatchi silekana bwino ndi injini, ndipo giya yobwerera m'mbuyo ndiyo iyamba kudandaula. Chakumapeto kwake wayayo amadzera mupaipi yofewa, yoyenera kukhala yopindika pang'ono. Ikaongoka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera mawashala kuti ipindikenso.

Koma ngati mwamanga natiyo kufikira mazinga ake atha, chopondera chili chigwirire pansi penipeni, lekani, pakuti mwina mlandu suli pawaya ayi. M'chaka cha 1971 kampani ya Volkswagen inasintha beringi yokankha klatchi: yakale imafuna mbale ya klatchi (pressure plate) yokhala ndi mphete pakati, pamene yatsopano, yoyenda pakapaipi kake, imafuna yopanda mphete. Injini yobwera imadza ndi mbale yakeyake, komatu mbale iyenera kumvana ndi giyabokosi imene yaipeza, osati ndi injini imene yaibweretsa. Zikasemphana, palibe nati ingaziyanjanitse, ndipo wokakamiza angodula waya kapena kuthothola mpope uja pamene anauwotcherera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chifukwa chake, injini isanakwezedwe, makaniko wanzeru ayambe wayang'ana beringi ndi mbale ngati zili za mbadwo umodzi, pakuti kuyang'anako kungomdyera kamphindi, pamene kutsitsanso injini imene yamangidwa kale kumdyera tsiku.