Mavoti atawerengedwa ku Mzuzu, kwathu tinayambanso kudyera pamodzi

Anthu a zipani ziwiri zosiyana savuta. Amakangana masana, madzulo n'kumwera limodzi tiyi, chifukwa aliyense akudziwa kwawo. Ovuta ndi anthu a chipani chimodzi akayamba kulimbana zoti atsogolere ndani, makamaka zoti mpikisanowo uthe liti. Mkangano wotere susiyira pamsewu, umalowa mpaka kukhitchini. Kwathu ku Chibavi unalowa mu Juni 2024, ndipo unatuluka Lamulungu pa 17 Novembala chaka chomwecho, tsiku limene chipani cha UTM chinachita msonkhano wake waukulu muno mu Mzuzu. Ndikakumbukira mmene zinasinthira, mpaka lero mtima wanga umangoti myaa.

Chiyambi chake ndi chisoni chimene tonse tikuchidziwa. Lolemba pa 10 Juni, ndege ya asilikali inanyamuka ku Lilongwe kubwera kuno itanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, pa ulendo wa ku maliro a malemu Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Nyengo inali yoipa, ndegeyo sinathe kutera pa bwalo lathu, ndipo mawa lake inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Palibe anapulumuka. A Chilima ndiwo anayambitsa UTM mu 2018, ndiwonso anaibweretsera mavoti oposa 1 miliyoni pa chisankho cha 2019. Msonkhano waukulu umene unawasankha unachitika mu Disembala 2018 ku Lilongwe, ndiye kuti pamene ankamwalira, zaka zoposa 5 zinali zitapita nthumwi zisanavotenso.

Zinthu zinathamanga maliro atangotha. Pa 21 Juni a Michael Usi, amene anali wachiwiri kwa a Chilima m'chipani, analumbiritsidwa kukhala Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko. Mu Julayi akuluakulu ena a chipanicho analengeza kuti UTM yatuluka mu mgwirizano wolamula boma wa Tonse. Tangoganizani: chipani chikunena kuti chatuluka m'boma, pamene munthu amene wagwirizira utsogoleri wake ali pampando wachiwiri m'boma lomwelo. Nthawi yomweyo a Dalitso Kabambe, amene anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 2017 mpaka 2020, anachoka ku DPP n'kulowa UTM. Otsatira chipani m'makwalala sankadziwa kuti amvere yani.

Pa ploti imene anatisiyira bambo timakhala mabanja atatu. Achimwene anga ndi telala, makina awo ali pakhonde loyang'ana kumsewu. Achemwali amakhala nyumba yakuseri ndi amuna awo, alamu athu, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chiyambire 2018 amuna awiriwa ankapitira limodzi ku misonkhano atavala zofiira, ankadya mbale imodzi, ndipo madzulo aliwonse phokoso la nkhomo za bawo linkamveka mpaka kumpopi.

Alamu anaona kuti nkhani inatha kale. “Mpikisano wa chiyaninso? A Chilima anasankha okha a Usi mu 2019 kuti ayende nawo pa chisankho. Wamkulu akachoka, wachiwiri alipo. Amene akufuna mpandowo adikire 2025 ipite.”

Achimwene, ulusi uli kukamwa, ankayankha mosakweza mawu, ndipo kusakweza mawuko n'kumene kunkawawa. “Alamu, chipani si chuma chamasiye. Ngati a Usi anthu amawafuna, aime, nthumwi ziwavotere. Koma tsiku likhalepo. Tisamangoyenda mumdima.”

Achemwali nawo anali ndi awo maganizo, ndipo sindinganene kuti analibe nzeru. Iwo ankati anthu achita manyazi ochepa, munthu sanathe ngakhale miyezi iwiri m'manda ku Nsipe, ena ayamba kale kuyeza mpando wake. Ankafuna kuti zonse ziime kufikira chaka chitatha. Choncho pa ploti imodzi panali mayankho atatu: mpikisano watha kale, mpikisano usayambe n'komwe, mpikisano uchitike msanga n'kutha.

Pofika Ogasiti, bawo linali litavundikiridwa pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, nkhomo zake zili m'chitini cha majarini pamwamba pa kabati. Alamu anayamba kutulutsira njinga yawo ku geti lakuseri kuti asadutse pakhonde. Nsima imene kale inkabwera m'mbale imodzi yaikulu, achemwali anayamba kuigawa pawiri, ina n'kutumiza ndi mwana. Palibe anatukwana mnzake, ayi. Moni ankapatsana, koma moni wake wa “mwadzuka” basi, wopanda “kaya inu”. Ana anazindikira msanga kuposa ife akulu. Wailesi ikayamba nkhani za UTM ankatuluka okha kukasewera panja.

Ntchito ya achimwene nayo inalowa pansi. Telala wa m'tauni amadalira nyengo zitatu: sukulu zikamatsegulidwa, maukwati, ndi ndale. Amayi a chipani amene kale ankabwera ndi nsalu zofiira ndi zachikasu kudzasoketsa madiresi ndi maduku anasiya. Mmodzi anabwera, n'kutambasula nsalu ya nkhope ya a Chilima patebulo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuipindanso. “Ndisoketse kuti ndikavale ku msonkhano wa yani?” Anaibweza m'jumbo n'kumapita. Miyezi imeneyo makina ankangolira za zigamba ndi mazipi a mathalauza a sukulu.

Tsiku litalengezedwa, ndiponso zitamveka kuti msonkhanowo uchitikira konkuno ku Mzuzu, alamu anati sizitheka, wina akatenga chiletso ku khoti monga zimakhalira. Kenaka, kutatsala pang'ono, a Usi analengeza kuti sapikisana nawo, ponena kuti kakonzedwe ka msonkhanowo kaphwanya malamulo a chipani. Apa ndiye mtima wa alamu unauma gwa. Inalinso nyengo ija mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, ndipo iwo ankagona pamzere wa petulo usiku wonse n'kubwera m'mawa maso ali psuu, osafuna kumva dzina la konveshoni.

Koma tsikulo silinasunthe. Anthuni, mukanaona Mzuzu sabata imeneyo! Kuchokera ku Katoto kudza m'tauni mpaka ku Luwinga kunali zofiira zokhazokha, anthu ochokera ku Nsanje, ku Mangochi, ku Ntcheu, ku Chitipa, ena akufunsa kumene angapeze kondowole ndi batala. Makina a achimwene anadzuka. Uyu akufuna malaya ake abwezedwe m'chiuno, uyu wang'ambitsa diresi pokwera basi, uyu wagula nsalu lero lomwe ndipo akufuna avale mawa. Mayi uja anabwereranso ndi jumbo lake lija, n'kunena kuti asokeretu, akavala polemekeza malemu povota. Ine ndinapatsidwa nsimbi ya makala kuti ndizisita zomwe zatha, mwana wa achemwali akukupiza makalawo ndi katoni. Ndipo ndani ankanyamula makasitomalawo pa njinga kuwabweretsa ndi kuwabweza? Alamu omwewo, chifukwa ndalama ya kabaza sifunsa kuti uli mbali iti. Anayamba kuimika njinga kutsogolo kwa khonde, ngakhale kuti pakhondepo sanakhale.

Nthumwi zinavota, mavoti anawerengedwa anthu akuona, ndipo a Kabambe anapeza oposa 600. A Newton Kambala, a Mathews Mtumbuka ndi mayi Patricia Kaliati anatsalira kutali zedi. Apa mpamene pali nkhani yokoma. Achimwene sankafuna a Kabambe. Mtima wawo unali pa a Mtumbuka, mwana wa kuno kumpoto. Ndiye kuti pa ploti pathu panalibe wopambana. Munthu wa alamu sanaime, munthu wa achimwene anagwa, ndipo chaka chimene achemwali ankafuna chinali chisanathe.

Lolemba m'mawa ndinamva njinga ikuzimitsidwa kutsogolo. Alamu anakwera pakhonde, osavula n'chipewa chomwe, n'kuwerama pansi pa tebulo lodulira nsalu. Anatulutsa bawo, n'kulipukuta fumbi ndi chidutswa cha nsalu yotsala.

“Alamu, ndamva munthu wanu wagwa.”

“Wagwadi, alamu. Koma wagwa pabwalo anthu akuona. Nanga wanu?”

Anayang'anizana kanthawi, kenaka onse awiri anaphulika chiphwete, chija chochokera m'mimba chimene tinali titachiiwala. Achimwene anatsitsa chitini cha nkhomo pa kabati. Alamu anataya makasitomala a m'mawa wonse, foni ikulira m'thumba iwo ali kalikiliki kutakata. Masana achemwali anatulukira ndi mbale yaikulu ija, nsima ndi usipa wa ku Nkhata Bay wothira tomato, n'kuikhazika pakati osanena kanthu. Ine ndinadya mpaka kunyambita zala.

Musaganize kuti anagwirizana maganizo. Mpaka lero alamu amanena kuti a Usi anachitidwa chipongwe, komanso kuti munthu wongofika kumene kuchokera ku DPP sanayenere kulandira chipani cha a Chilima. Chimene chinasintha n'chakuti panalibenso chokokerana. Funso lakuti mpikisano uthe liti linali litayankhidwa ndi nthumwi, ndipo aliyense anadziwa poima. UTM itachotsa a Usi m'chipani, iwo n'kupitiriza ndale ndi chipani chawo cha Odya Zake Alibe Mlandu, alamu anawatsatira poyera. Malaya oti azivala ku misonkhano ya kumeneko anawasoka ndi achimwene, ndipo anawachotserako mtengo pang'ono. Kuyambira pamenepo anakhala anthu a zipani ziwiri, aja ndanena kuti savuta. Amanyozana pa bawo mokoma, ana n'kumaseka nawo m'malo mothawa.

Chisangalalo cha achimwene chinafika pachimake mu 2025, a Kabambe atasankha a Mtumbuka kukhala oyenda nawo pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Anasiya makina n'kuvina pabwalo tepi yoyezera ili m'khosi. Ine chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti anthu awiri amene anapikisana mu Novembala anatha kuimira limodzi patangopita miyezi yochepa. Zimenezi zimatheka pokhapokha wogonjayo atapatsidwa mpata wofika kumapeto n'kuona yekha kuchuluka kwa mavoti ake. Ku America zinachitikanso chimodzimodzi mu 2008. Ambiri m'chipani cha Democratic ankakakamiza mayi Hillary Clinton kuti asiye msanga mpikisano wa chipulula chifukwa a Barack Obama anali patsogolo. Iwo anakana mpaka madera omaliza atavota pa 3 Juni, ndipo pa 7 Juni anavomereza n'kupempha owatsatira kuti athandize a Obama. Obama atapambana anawapatsa unduna woona za ubale ndi maiko akunja. Munthu wouzidwa kuti akhale pansi mavoti asanawerengedwe amanyamula chakukhosi zaka zambiri, ndipo omutsatira amachinyamula kuposa iye mwini.

Wina anena kuti DPP inachedwetsa msonkhano wake mpaka Ogasiti 2024, koma ndiyo inapambana chisankho cha 2025. N'zoona. Koma tikumbukire zimene anthu ake anadutsamo kuchokera pamene anagonja mu Juni 2020: zaka zinayi za kukokanakokana, milandu ku khoti, mpaka a Kondwani Nankhumwa kuchotsedwa mu Januwale 2024 n'kukayambitsa PDP. Ndikudziwa mabanja a ku Chiputula ndi ku Masasa amene anakhala zaka zonsezo akudyera mbale ziwiri ngati mmene tinachitira ife miyezi isanu. Nayonso DPP inapeza mtendere itachita msonkhano ku Blantyre n'kutsimikiza a Peter Mutharika, osati isanatero.

Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 a Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera anabwera achiwiri, a Kabambe achitatu ndi pafupifupi 4 pa 100 alionse, ndipo a Usi anali kumbuyo kwa onsewa. Zotsatirazo tinazimvera pa wailesi imodzi, pakhonde limodzi, alamu ndi achimwene akugawana chimanga chootcha n'kumatonzana kuti wagwa kwambiri ndani. Achemwali, amene tsopano amati bola zinachitika msanga, ndiwo ankaseka kuposa onse.

Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo zipani zathu zikuluzikulu zonse zili ndi funso la utsogoleri patsogolo pake. Inu akuluakulu a MCP, DPP, UTM, UDF, AFORD ndi ena nonse, lengezani tsiku la msonkhano waukulu kudakali nthawi, mulilembe poti aliyense aone, ndipo likafika musalisunthe. Aliyense wofuna mpando muloleni aime mpaka mavoti awerengedwe. Mukasowa malo, bweraninso ku Mzuzu. Matelala ndi akabaza a ku Chibavi adzakulandirani ndi manja awiri.