Galu wamantha ndiye aluma ana: phunzitsani kagalu kakali kakang'ono

LIVINGSTONE - M'makomboni athu, kucokera ku Dambwa, Linda, Libuyu mpaka ku Maramba, ambiri tikatenga kagalu tikatsekera m'kanyumba ka malata kuti kasaone anthu, ati kuti kadzakule kaukali. Ena afika pothira tsabola m'cakudya cake. Abale, tsabola asiyireni alimi amene aingitsira njovu m'madimba. Galu sapindula naye kanthu, angomva kuwawa.

Galu wokulira mumdima salimba mtima, akhala wamantha. Auwa ciliconse, sasiyanitsa kawalala ndi mwana wopita ku sukulu, ndipo akasowa kothawira aluma. Amene alipira ku cipatala ndi kupepesa kwa anansi ndinu eni ace.

Nkhaniyi inafufuzidwa kale. Ku Bar Harbor m'dziko la America, a John Paul Scott ndi a John Fuller anatha zaka zoposa khumi akuona kakulidwe ka agalu, ndipo buku lao linatuluka mu 1965. Anapeza kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 kagalu kalandira msanga zinthu zacilendo, koma nthawiyi ikapita mantha ayamba kupambana cidwi. M'kafukufuku wina wa komweko wa mu 1961, tiagalu tinasiyidwa ndi amai ao mumpanda waukulu. Timene tinafika masabata 14 tisanagwiridweko ndi munthu tinali kuthawa anthu monga nyama za m'thengo.

Tsono werengani bwino. Kagalu kayenera kukhala ndi amace kufikira masabata 8, cifukwa ndi kumene kaphunzira kusewera kosaluma kwambiri. Mukakatenga pamenepo, mwatsala ndi mwezi umodzi cabe. Mwezi umenewo ndiwo ambiri tiutaya m'kanyumba ka malata.

Ndipo mzinda wathu uli ndi zodabwitsa zambiri kwa galu. Kumwamba kuli mahelikopita ndi tindeke tonyamula alendo okaona Mosi-oa-Tunya. Pa mseu wa Nakatindi pali zimalole zopita ku mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Pali sitima, njinga za makala, mawilibala, mabelu a chalichi. Kagalu kobadwa mu June kafika mu November kasanamveko bingu, kasanaoneko ambulera kapena munthu wovala jasi la mvula.

Ambulera ndiye anandiphunzitsa ine. Kagalu kanga kataona mai wina akuitambasula pacipata, kanathawira kunsi kwa thanki ndi kukana kutuluka. Ndinalakwa pokakoka kuti kaione pafupi, cifukwa mantha anangokula. M'mawa mwace ndinaika ambulerayo pansi, yotseka, patali ndithu, nkumwaza tukapenta pakati. Kanadya ka pafupi, kanayang'ana, kanabwerera, kenaka kanasenderanso. Tsiku lotsatira kananunkhiza kokha. Pambuyo pace ndinayamba kuitsegula pang'onopang'ono nditaima kutali, kagalu kali kudya. Sabata isanathe kanali kugona mumthunzi wace.

Njira ndi yomweyo pa njinga, ngolo kapena cisote. Yambirani patali pamene kagalu kaona cinthuco koma kakali kulandira cakudya. Kakakana kapenta, kakapinda mcira, kakagoneka makutu kapena kuyasamula kosagona tulo, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Mphindi zisanu zikwanira patsiku. Musakamenye cifukwa cobuma, pakuti galu womenyedwa pobuma aleka kucenjeza, tsiku lina angoluma. Ndipo kakathamangira ku miyendo yanu, kusisita sikulakwa monga ena anena.

A mphakati muli ndi mwai umene ena alibe. Msonkhano ukacitikira panyumba panu, pabwera agogo a ndodo, amai a citenge ca bungwe, abambo a zisote, ndi ana. Pemphani aliyense akhale pansi ndi kuponya kacakudya, asakanyamule, kagalu kadzisankhire kokha wopitako. Ana muwayang'anire, asakathamangitse kapena kukakoka mcira.

Alimi nanu, kaonetseni nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe kali pacingwe, kakali kakang'ono kuposa tambala. Galu wokula pamodzi ndi nkhuku kawirikawiri sazigwira. Koma njovu ndi anyani si zozolowetsa galu ai. Amene mukhala kufupi ndi paki ya Mosi-oa-Tunya mudziwa kuti galu wouwa njovu akathamangitsidwa athawira kwa mbuye wace, njovu ili pambuyo. Capamwamba ndi kumuphunzitsa kubwera mukamuitana, ndi kumumanga njovu zikamveka.

Pali vuto limodzi loona. Pa msinkhu umenewu kagalu kakhala kasanatsirize nyeleti, ndipo matenda a parvo, otsegula m'mimba ndi magazi, apha tiagalu tambiri. Kacilombo kace kakhala m'nthaka miyezi yambiri. Conco pa msika wa Maramba musakaike pansi. Kanyamuleni m'manja kapena m'basiketi ya njinga, kaone ndi kumva, nkubwerera. Kasewere cabe ndi agalu amene mudziwa kuti analasidwa. Nyeleti yoyamba iyamba pa masabata 6 mpaka 8; a ofesi ya ziweto adzakuuzani masiku a zotsatira.

Nyeleti ya ciwewe ndi pa miyezi 3, ndipo lamulo la Control of Dogs Act lifuna kuti galu alasidwe ndi kulembetsedwa. Bungwe la WHO liti ciwewe cipha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse pa dziko lonse, ndipo 4 mwa 10 ali onse ndi ana osafika zaka 15. Kagalu kozolowera kugwiridwa makutu, mapazi ndi pakhosi sikavuta pa mzere wa katemera, monga uja ucitika pa tsiku la ciwewe, 28 September. Agalu osagwirika ndiwo atsala kunyumba osalasidwa.

Koma galu amene anali wofatsa akasintha mwadzidzidzi, akuluma mitengo, akucucha dovu kapena kulephera kumeza, amenewo si mantha ndipo kapenta sagwira nchito. Musamugwire, itanani a ziweto. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo.