Mlembi ndi Owerenga Ace

Kale mlembi wa mabuku sanali kuwadziwa owerenga ace. Makalata ao anali kucedwa panjira, ena osafika konse.

Tsopano intaneti yafupikitsa ulendo umenewu. M'caka ca 2011 Teju Cole, mlembi wokulira ku Nigeria, anayamba kulemba tinkhani pa Twitter. Anali kutitenga m'manyuzipepala a kwao, ndipo tinali kusimba za mbala, ngozi ndi milandu ya anthu wamba. Masiku amenewo uthenga umodzi sunali kupitirira zilembo 140, motero liu liri lonse lopanda nchito anali kulitaya. Koma taonani, munthu ali yense anali ndi mwai womyankha nthawi yomweyo, angakhale wonyoza, anthu onse alikuona.

Kuyambira 2023 Twitter ija ichedwa X.