Kodi Chifunga cha pa Galasi la Minibasi Chimachokera Kuti?

Anzanga, aliyense amene anakwerapo minibasi m'mamawa mu June kapena July akudziwa zimene ndikunena. Anthu akangodzaza, mawindo n'kutsekedwa, posakhalitsa magalasi onse achita mbuu. Kondakitala amayamba kupukuta ndi chipewa, adalaivala akusuzumira pa kampata kakang'ono. Ena amati ndi utsi wa injini. Ayi ndithu, ndi madzi, ndipo ambiri mwa madziwo achoka m'kamwa ndi m'mphuno mwathu momwemu.

Nkhani yake ili chonchi. Mpweya umanyamula madzi osaoneka ndi maso, amene timati nthunzi. Koma kanyamulidwe kake kamadalira kutentha. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungasunge pafupifupi magalamu 30 a madzi. Ukazizira kufika pa madigiri 10, ungasunge pafupifupi magalamu 9 okha. Nanga otsalawo apita kuti? Amasanduka timadontho pa chinthu chozizira chilichonse chimene mpweyawo wakhudza. Izi ndiye zija mu Physics timati condensation, ndipo a Fomu 4 musazipeputse. Mumaziona tsiku lililonse kunsi kwa chivundikiro cha poto wa nyemba, kapena pa botolo la Fanta lochoka mu filiji.

M'minibasi muja, mpweya umene tikupuma ndi wofunda komanso wodzaza chinyezi, pamene galasi lazizira ndi mphepo ya kunja. Ndiye timadontho timakhala mkati. Kukagwa mvula zimaposa pamenepo, chifukwa zovala ndi maambulera onyowa akuwonjezera nthunzi. Apa mawaipa sangathandize, iwo amapukuta kunja kokha.

Mame a m'mawa ndiye amakhala kunja, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali chidwi. Usiku wopanda mitambo, galasi limataya kutentha kwake kupita kumwamba, mpaka limazizira kuposa mpweya olizungulira. Galasi lakutsogolo ndi lopendekeka, loyang'ana kuthambo, choncho limanyowa kwambiri kusiyana ndi a m'mbali. Galimoto yogona pansi pa mtengo wa mango kapena m'shedi nthawi zambiri imadzuka youma, chifukwa masamba kapena denga zaitchingira kuthambo. Mitambo nayo imagwira ntchito ngati bulangete. N'chifukwa chake mame amachuluka usiku umene nyenyezi zawala ngwee ndipo kulibe mphepo.

Galasi likazizira kupyola madigiri 0, nthunzi ija imauma pomwepo n'kukhala ayezi woyera wonga mchere. Kuno kwathu izi n'zosowa, ngakhale kumalo okwera ngati ku Nyika zimachitika m'miyezi yozizira. Koma funsani achibale amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain, akuuzani za kupala galasi m'mawa asanapite ku ntchito. Chodabwitsa n'choti ayeziyo angapangike ngakhale mpweya uli pa madigiri 2 kapena 3, popeza galasilo ndi lozizira kuposa mpweyawo. Kuthirapo madzi owira n'kuika galasi pachiswe: mbali imodzi imafutukuka msanga ina ikadali yozizira, ndipo likhoza kusweka, makamaka ngati linali kale ndi kamng'alu ka mwala.

Tsono chifunga cha mkati tingachichotse bwanji? Njira ndi ziwiri basi: kufunditsa galasi, kapena kuumitsa mpweya. Hita ikaloza pa galasi imachita yoyambayo. Eyakoni imachita yachiwiri, chifukwa imachotsa chinyezi mu mpweya, ndiye musadabwe dalaivala wodziwa akaiyatsa kukuzizira. Minibasi zathu zambiri zinthu zimenezi zinafa kalekale, koma kutsegula mawindo awiri pang'ono kumatulutsa mpweya wonyowa uja. Kupukuta ndi chikhatho ine sindigwirizana nako. Dzanja limasiya mafuta, ndipo usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amamwazikira pa mafutawo n'kumuthobwa dalaivala m'maso. Kansalu kouma, koyera, n'kabwinopo.

Ndalemba izi poganizira ife amene timayenda m'mphepete mwa msewu 6 koloko isanakwane, ena wapansi, ena pa njinga. Mukaona galimoto ikubwera galasi lake lili mbuu, dziwani kuti mwina dalaivalayo sakukuonani ngakhale inu mukumuona bwinobwino. Patukirani kutali ndi tala, idutse kaye.