Mwana Akatsegula M'mimba

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa thanthwe la mwala wa laimu. Mwala umenewu uli ndi ming'alu yambiri, ndipo madzi a mvula alowamo msanga. Pa nyengo ya dzinja madziwo atenga zonyansa za m'zimbudzi zokumba, nazifikitsa ku zitsime zosazama. Ici ndico cifukwa cimodzi cimene nthenda za m'mimba zicurukira nthawi ya mvula.

Madzi ena a m'mipope ya mu Lusaka acokera ku mtsinje wa Kafue, ndipo ayamba atsukidwa ndi mankhwala asanafike mumzinda. Ena aturuka m'mijigo yakuya. Koma madzi abwino angathe kuipa panjira, mpope ukaphulika, kapena m'nyumba momwe, munthu akaviika cikho m'ndowa ndi dzanja losasamba. Cotero banja la ku Kabulonga kapena ku Woodlands lisanene kuti nthendayi nja anthu a kwina. Nchenche sidziwa mpanda.

Nthenda yoopsa koposa mwa izi ndiyo kolera. Inabuka mu Lusaka mwezi wa Okutobala 2017, ndipo Boma linaletsa malonda a m'misewu ya pakati pa mzinda. Inabukanso mu Okutobala 2023. Odwala anacuruka kwakuti bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024.

Cimene cipha mwana wotsegula m'mimba ndico kutha kwa madzi m'thupi mwace. Monga mbeu ya cimanga ifota pa dzuwa, momwemo mwana afota. Maso ace alowa m'kati, m'kamwa muuma, mkodzo ucepa, ndipo pa khanda liwombo litsika. Akale poona liwombo lotsika analimata mankhwala. Lero cidziwika kuti litsika cifukwa thupi lifuna madzi, ndipo mankhwala omata sathandiza konse.

Makolo ena amana mwana madzi, poganiza kuti akamwa adzatsegula koposa. Kutero ndiko kulakwa kwakukuru. Mwana ayenera kumwa pang'ono pang'ono, kawiri kawiri. Ku makiliniki, monga ya ku Kabwata ndi ya ku Chelstone, anamwino apatsa timapaketi ta ORS. Paketi imodzi isungunulidwa m'lita 1 ya madzi owiritsa ndi ozizira. Ngati paketi palibe, mai athire m'lita yomweyo masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya mcere. Mcere ukacuruka upweteka mwana. Cifukwa cace madziwo asawawe koposa misozi. Mwana akasanza, mai adikire mphindi 10, nayambenso kummwetsa ndi supuni. Khanda lisaleke kuyamwa, ndipo wamkulupo adye phala lace monga mwa masiku onse. Anamwino apatsanso mibulu ya zinki yomwa masiku 10 kufikira 14.

Koma mwana akakana kumwa, akalefuka, akaturutsa magazi, kapena cimbudzi cace cikakhala ngati madzi otsukira mpunga, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, akummwetsabe panjira. Kolera ikhoza kupha munthu pa maola owerengeka.

Njira zopewera nthendazi nzosabvuta. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, nasungidwe m'cigubu cotseka. Anthu asambe m'manja ndi sopo pocokera ku cimbudzi, atasintha mwana thewera, ndi asanagwire cakudya. Pa nsima asambe mothirirana, osati m'mbale imodzi. Makanda alandire katemera wa nthenda ya rota, amene alembedwa pa khadi lao la ku sikelo.

Nthawi zambiri mwana wa sukulu ndiye atsala ndi mng'ono wace amai akapita ku msika. Iyeyo akadziwa muyeso wa shuga ndi mcere, angathe kusunga moyo wa mbale wace kufikira akuru atabwera.

Mafunso

1. Cifukwa ninji zitsime zosazama za mu Lusaka ziipa nthawi ya mvula?
2. Liwombo la khanda likatsika, thupi lace lifunanji?
3. Chulani muyeso wa madzi, shuga ndi mcere.