Zotsala za m'Munda ndi Nzeru za Ana Anu

Inu eni mabanja a patsinde pa phiri la Michesi, tamverani mau awa onena za zinthu zimene muzisiya m'munda ndi pamtondo, monga ngati ziribe nchito.

Mudziwa kuti khasu logona pamvula licita dzimbiri, ndi mbatata yosenda siicedwa kuda. Cocita izi ndico mpweya womwewu tiupuma. M'thupi mucitikanso motero: mpweya utipatsa mphamvu, koma usiya tizinthu tonga dzimbiri, toononga thupi pang'ono pang'ono. Ubongo ndiwo ubvutika koposa, pakuti ngakhale uli waung'ono, utenga limodzi la magawo 5 a mpweya wonse umene thupi liugwiritsa nchito. Zoletsa dzimbiri limeneli anzeru azicha antioxidant. Zina mwa izo ndizo vitamini C, vitamini E ndi carotene.

Nanga zipezeka kuti? Si kusitolo ai. Ziri mu nkhwani, khwanya, citambe, kholowa ndi cigwada. Ziri mu nthanga za maungu, m'khungu lofiira la mtedza, ndi mu gaga amene muwapatsa nkhuku. Masambawa athandizanso kucurukitsa mwazi. Ndipo mwana wocepa mwazi atopa msanga, naodzera m'sukulu, naiwala zimene waphunzira.

M'caka ca 2018 anzeru a ku Rush University, mu mzinda wa Chicago, analengeza zimene anaona pa acikulire 960. Amene anadya ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku anasunga cikumbumtima cao monga anthu ocepa ndi zaka 11, powalinganiza ndi amene anazidya kamodzi kamodzi. Musayese kuti masamba ndiwo mankhwala opatsa nzeru. Ndiwo cakudya, ndipo cakudya cigwira nchito yace mwa kucidya masiku onse.

Cifukwa cace citani izi:

1. Futsani masamba akali anthete. Awiritseni pang'ono, nimuwayanike pathandala mumthunzi. Dzuwa lamphamvu liononga carotene. Akauma gwa, muwasunge m'cikwatu kapena mumtsuko wotseka.

2. Musathire soda kapena cidulo cambiri, pakuti zipha vitamini C. Ndipo musataye msuzi.

3. Tenderani ndi nsinjiro. Carotene salowa bwino m'thupi popanda mafuta.

4. Cigwada musinje ndi kuciphika kufikira capsa ndithu, pakuti caciwisi ciri ndi ululu.

5. Phala la ana likhale la mgaiwa. Koma cimanga kapena mtedza wocita cuku musapatse mwana konse. Cuku ciononga ciwindi.

Inu amene munaona madzi akutsika m'phirili m'March 1991, ndiponso m'March 2023, mudziwa kuti munda wa cimanga ukhoza kutha usiku umodzi. Koma maungu ndi mbatata zobzala pambuyo pace zipatsa masamba asanathe masabata ambiri, zipatso zace zisanaoneke.

Kumbukiraninso kuti sukulu zitsegula m'September, nyengo yomweyo imene minda yauma ndi masamba asowa. Cimene mwana adzadya pamenepo cikonzeka m'March ndi m'April. Tsono musasiyire mai a kunyumba okha nchito iyi. Manganitu thandala, nimufunse kuti zikwatu zafika zingati, monga muwerengera matumba a cimanga ndi nandolo.